Mikanda Pa Tebulo La Khofi

1

Ana anga owerenga, khalani pansi bwino. Ndikamaliza nkhaniyi ena mundiseka, ena mundinena, ndipo zonsezo ndalola. Dzina langa ndine Amida, koma mukafika ku Mpondasi n'kufunsa Amida akulozerani kamwana ka mamina. Mufunse Abiti Wadi wa mandasi, azakhali a mudzi wonse, amene pa ukwati uliwonse woyamba kuvina ndine, womaliza ndinenso.

Amuna anga ndi Che Abudu. Ankakonza mainjini a maboti ku Monkey Bay mpaka msana unawakana. Takalamba limodzi, ndipo ndinene mosabisa, mimba ya Che Abudu inali ntchito ya manja anga. Kwathu kuno mwamuna akamayenda mimba ili patsogolo, anthu amati, "Uyu kwawo kuli mkazi." Akaonda samufunsa iye ayi, amayang'ana iwe. Ndiye ine ndinkawapangira tiyi wa mkaka wa m'chitini, shuga wothira ndi mtima wonse, supuni n'kumachita kuima yokha m'kapu. Nanenso sindinkatsalira. Mikanda yanga ya m'chiuno ndinali nditailumikiza kangapo, koma inali itayambanso kundiluma.

Chaka chatha ndinachita chizungulire pamsika, n'kugwera m'beseni la mandasi anga omwe. Kuchipatala kadokotala kena kopanda ndevu kanandiboola chala.

"Mayi, matenda a shuga ali pakhomo panu, akugogoda. Chepetsani zotsekemera, muziyendako m'mawa uliwonse, thupi litsike."

"Mwanawe," ndinatero ine, "thupi ili sindinabe, ndinalipeza movutikira. Ndipo kuyenda popanda kopita ndi ntchito ya agalu."

Che Abudu anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja. Kunyumba anayesa kundikumbutsa kawiri katatu. Ndinawauza kuti ngati dokotalayo wawasangalatsa akamukwatire. Nkhani inafera pomwepo.

2

M'mawa wina ndinawaikira tiyi wawo pamkeka. Anamuyang'ana, n'kumukankhira pambali.

"Amake Swadick, lero ayi."

"Mwadwala?"

"Ndikupita kuboma. Ndikamwa komweko."

"Kuboma kwabwera tiyi woposa wanga?"

Anangoseka, n'kuvala nsapato.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Mwezi usanathe ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuboola lamba ndi msomali, thalauza layamba kugwa. Ndevu anayamba kuzidula bwino. Mafuta onunkhira aja amadzola pa Ijumaa popita kumzikiti, anayamba kudzola ngakhale Lachiwiri.

Ndinapita kwa mnzanga Zena, amene timagulitsa moyandikana pamsika. Zena alibe wailesi chifukwa safunika nayo.

"Abiti Wadi," anatero akutembenuza usipa, "nkhalamba ikaonda mwangozi ndi matenda. Ikaonda dala, ndi ukwati."

"Usandiyambe."

"Chipembedzo chimawalola anayi, iwe."

"Anayi? Ine mmodzi yemwe amandigonera tulo nkhani ili pakati."

"Ndiye ukafunse kumlatho. Kwatsegulidwa kashopu ka khofi, komwe amamwera a mabungwe ndi azungu opita kunyanja. Amuna ako salephera. Ndipo wopanga khofiyo ndi kamtsikana ka ku Malindi, kowonda ngati bango, kampata pakati pa mano. Dzina lake Rachael."

Mtima wanga unachita ngati mandasi oponya m'mafuta otentha. Rachael! Ngakhale dzina lakelo linali lowonda.

3

Zena anandibwereka chovala chakuda chija chobisa nkhope, chongosiya maso. Kabaza sindikanakwera. Anyamata a kabaza ali ndi pakamwa, komanso njinga ikanawapitirira Che Abudu pamsewu. Kuti munthu umutsatire, uyenera kuyenda mmene akuyendera iyeyo. Ndiye ndinayenda, ine Abiti Wadi, amene ngakhale kumjigo ndinkatuma ana a eni.

Inu amene simudziwa dzuwa la ku Mangochi, musalifunire mnzanu ali m'nsalu yakuda. Pofika pamlatho ndinali nditanyowa ngati ndawoloka Shire wapansi. Che Abudu analowa m'kashopu kaja, ine ndinaima kuseri kwa mtengo wa maluwa pafupi ndi zenera, ndikupuma ngati ng'ombe yapangolo.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anatero mawu okoma. "Za masiku onse?"

"Za masiku onse, mwanangu."

"Wopanda shuga, mkaka wochotsa mafuta, kirimu ayi, kaufa konunkhira ka mdalasini pamwamba."

Ana anga, mwamuna wako akagwirana manja ndi mkazi wina zimapweteka, koma zimapola. Chosapola ndi kumva mkazi wina akudziwa mmene mwamuna wako amamwera. Za masiku onse! Ine zaka zonsezi ndikuthira shuga, kamwana aka kangobwera n'kumuchotsa, bambo n'kumamwetulira ngati awapatsa mphatso.

Atatuluka ndinalowa ine, kuti ndikamuone bwino mkazi mnzangayo. M'katimo munali mozizira, makina akufwenthera ngati mphaka wokwiya. Mtsikanayo anandiyang'ana m'maso, kenako anayang'ana mapazi anga, n'kumwetulira.

"Takulandirani, mayi. Tikupangireni chiyani?"

Ndinasintha mawu, kuwakweza ngati a namwali. "Chotsekemera kuposa zonse. Chimene nkhalamba ija imakana."

"Ndiye ndi moka wamkulu wa kalameli. Koma mayi, ameneyu ali ndi makalori ambiri. Kapu imodzi ikufanana ndi mbale ya mpunga ndi ndiwo zomwe."

"Makalori ndiye ndani?"

"Ndi mphamvu ya m'chakudya. Ikachuluka, thupi limaisunga pamimba."

"Ndipatse. Ine kusunga ndimakudziwa."

Anapopera madzi a shuga a m'botolo, psi psi psi, anathira chokoleti, mkaka, pamwamba n'kuunjikapo kirimu ngati chulu. Ndinalowetsa kapaipi kunsi kwa nsalu ya kumaso n'kukoka. Ndikanakonda kukuuzani kuti zinali zoipa. Koma mfitiyo manja inali nawo.

4

Basi inakhala ntchito yanga. Mandasi ndinkakazinga m'bandakucha n'kumusiyira Zena. Che Abudu akatuluka, ine pambuyo. Iwo akamwa chowawa chawocho n'kuchoka, ine ndinkalowa kukamwa changa, maso ali pa Rachael, kufunafuna chimene anali nacho choposa ine. Ndinangopeza khosi.

Njira nayo inayamba kutalika. Lero adzera kumsika wa nsomba, mawa azungulira kubwalo la mpira, mkuja atsikira kumtsinje kaye. Ndinati eya, wakuba sadzera njira imodzi. Tsiku lina anatembenuka mwadzidzidzi, ine n'kudzigwetsa kuseri kwa mulu wa njerwa, bondo n'kusupuka. Koma mwayi ndinali nawo. Nthawi zonse mpweya ukandithera, iwonso ankapezeka akhala pansi pa mtengo wa mango akumanga chingwe cha nsapato.

Kunyumba ndinasiya kugula shuga. Ndinati ngati tiyi wanga wasanduka poizoni, aliyense amwe madzi. Madzulo mandasi otsala ndinkangopatsa ana a pamudzi, chifukwa mkwiyo unandilanda chilakolako cha chakudya.

"Kodi kuboma kuli chiyani, bambo a Swadick?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Kamphepo kabwino."

"Kamphepoko kali ndi dzina?"

"Amake Swadick, mwayamba kuoneka bwinotu masiku ano."

Ndinatsala pang'ono kuwaponyera chipande. Munthu akudya kwina, n'kumabwera kudzakuyamikira mbale!

Kushopu kuja chakumwa changa chinkasintha pang'onopang'ono. Tsiku lina ndinaona kuti chulu cha kirimu chija chasanduka thovu.

"Kirimu wanga ali kuti?"

"Ndi fasho yatsopano, mayi. Talawani kaye."

Ndinalawa, kunali kukoma ndithu, kafungo ka mdalasini kakukwera m'mphuno. Tsiku linanso kapu inaoneka ngati yafupika. Anati makapu aakulu aja anasweka. Sindinalimbane naye, ine sindinapite kumeneko kukawerenga makapu.

Kenako m'mawa wina ndikusamba, ndinamva kuti waa! Mikanda yanga, imene kale inkasiya mizere m'thupi, inatsetsereka n'kukaima m'matako. Ndinakhala pamwala wa m'bafa n'kulira. Ndinati nsanje yandidya, kapena kamtsikana kaja kakundithirira mankhwala kuti ndiume, nyumba itsale yake.

"Wakudyetsa," anatero Zena. "Akhristu a ku Malindi usawaone kufatsa."

5

Linali Lachinayi, tsiku limene ndikanakonda likanafufutidwa. Che Abudu anadzera mumsika, n'kuima pa mayi wina wa ku Makanjira wogulitsa zokongoletsera akazi. Anthu ananditchinga, sindinaone chimene anagula. Ndinangoona akuika kanthu m'thumba la malaya.

Kushopu kunali kodzaza. Galimoto ya alendo inali itaima panja, ndipo a mabungwe anali pamakompyuta awo. Ine ndinaima pamtengo wanga uja. Che Abudu anapisa m'thumba kuti atulutse foni, ndipo kanthu kaja kanakodwa n'kugwera patebulo.

Mikanda. Yofiira ndi yoyera, yatsopano, yonyezimira. Ya m'chiuno.

Rachael anaitola, anaikweza m'mwamba, n'kuseka atagwira pakamwa. Bambo aja anachita manyazi ngati mnyamata wa kusimba.

Inu a m'tauni mwina simudziwa. Mikanda ya m'chiuno si ya pakhosi. Amaiona ndi mwamuna wako yekha, amaigula ndi mwamuna wako yekha. Ndipo chingwe chimenecho chinali chachifupi, sichikanazungulira Abiti Wadi amene ine ndinkamudziwa.

Mmene ndinalowera sindikukumbuka. Ndikukumbuka kuti nsalu ya kumaso ndinaivula n'kuiponya pa kompyuta ya bambo wina.

"Hule iwe! Wolanda amuna a eni! Unayamba ndi shuga, lero wafika m'chiuno?"

"Mayi, dikirani..."

"Ndani mayi wako? Bambo awa ndinawanenepetsa ndine, iwe wawaumitsa ngati usipa wa pathandala!"

"Amake Swadick, khalani pansi," anatero Che Abudu.

"Inu khalani chete, chidyamakanda!"

Ndinanyamula mbale ya shuga ya patebulo n'kumukhuthulira mtsikanayo kumutu. "Nayu shuga amene umamana anthu!" Mzungu wina anathawa ndi kapu yake m'manja. Anyamata a kabaza anadzaza pazenera, mafoni ali m'mwamba. Rachael sanatukwane. Anangoima, shuga akuyoyoka m'tsitsi, misozi ikutsika.

Pofika madzulo, kanema wanga anali atafika ku Makanjira, kumene ngakhale lole imafika mwa apo ndi apo. Mwana wanga Swadick anaimba kuchokera ku Joni kufunsa ngati ndapenga. Mwini shopu anamuuza Rachael kuti ayambe wakhala kunyumba. Ndipo tinamva kuti kwawo kwa mnyamata amene ankafuna kumukwatira ayimitsa zonse.

Ine ndinati zamukwana. Ndinatumiza mawu kwa ankhoswe kuti ukwati wanga ndi Che Abudu watha.

6

Anasonkhana pakhonde pathu Loweruka. Kumbali yanga kunali mchimwene wanga Nasir. Kunabweranso bambo wina wamtali wa imvi, atavala jekete la kutchalitchi, Rachael ali pambuyo pake maso ali pansi. Nditamuyang'anitsitsa ndinamuzindikira. Anali a Simioni a ku Malindi, amene kalekale ankagwira ntchito ndi amuna anga ku Monkey Bay, ndipo ankadya m'nyumba mwanga.

"Mlamu," anatero a Simioni, "mwana wanga amene munamuthira shugayu munamunyamulapo ali wakhanda. Anakukodzerani pa chitenje chanu."

Koma sindinagonje. "Ndiye zafika poipa kwambiri. Mwana wa mnzawo!"

Nasir anatembenukira kwa amuna anga. "Alamu, mikanda ija inali ya yani?"

Che Abudu anaitulutsa m'thumba n'kuiika pamkeka. "Ya mkazi wanga."

"Bodza!" ndinakuwa. "Imeneyo ingandikwane pamwendo pokha."

"Alamu," anatero iwo osandiyang'ana, "mlongo wanuyu mukumudziwa. Dokotala anati ayende, achepetse shuga, apo ayi tidzamudula mwendo ngati mmene anachitira malemu mayi anu. Ndinamuuza, anati ndikakwatire dokotala. Ndinagona ndikuganiza, kodi chimene chingamudzutse mayi ameneyu pampando n'chiyani? Mankhwala ayi. Mantha ayi. Ndinapeza chimodzi chokha."



"Nsanje," anatero Nasir, n'kuyamba kugwedezeka mapewa.

"Ndinadzola mafuta a Ijumaa," anapitiriza Che Abudu, "n'kudutsa dala pamaso pa Zena. Sabata isanathe ndinamva mapazi pambuyo panga."

"Munkadziwa?" Mawu anga anatuluka ang'onoang'ono.

"Amake Swadick, m'Mangochi muno muli mkazi mmodzi yekha wovala chobisa nkhope ndi patapata wobiriwira womanga ndi waya. Wayayo ndinamanga ndine."

"Nanga chingwe cha nsapato chimene chinkamasuka pamtengo wa mango?"

"Nsapato zanga zilibe zingwe."

Nasir anagwa chagada ndi phwete. Ine ndinatembenukira kwa Rachael. "Nawenso unkadziwa?"

"Kuyambira tsiku loyamba, mayi," anayankha motsitsa. "Bambo anandipempha. Anati mukadzalowa mudzafuna chotsekemera kwambiri, ndipo ndikadzakukanizani simudzabweranso. Ndiye tsiku loyamba ndinakupatsani chenicheni. Kenako ndinkachepetsa madzi a shuga aja pang'onopang'ono, lilime lisadabwe. Mkaka ndinasintha n'kuika wochotsa mafuta. Kirimu ndinaika thovu, chokoleti ndinaika koko wopanda shuga, kapu ndinachepetsa. Mdalasini umanamiza pakamwa kuti pali kutsekemera."

"Ndiye chimene ndakhala ndikumwa masabata apitawa n'chiyani?"

"Chomwecho chimene amamwa bambo. Za masiku onse."

Ana anga, ndinafuna nthaka ing'ambike. Koma Nasir atasiya kuseka anawayang'ana alamu ake ndi diso lina.

"Alamu, nzeru zanu zachiritsa mlongo wanga, koma mwaotchera mwana wa eni. Munakoleza moto pafupi ndi denga la mnzanu."

Che Abudu anagwetsa nkhope. "Pamenepo ndinalakwa. A Simioni, ndinaganiza kuti mkazi wanga adzangolalata kunyumba. Ndinaiwala kuti ndinakwatira chimphepo cha mwera."

A Simioni sanaseke. "Mwana wanga ntchito yaima, ukwati waima. Kuseka tiseka zimenezi zikabwerera."

7

Manyazi anachitikira pagulu, ndiye kupepesa kwa kuchipinda sikukanathandiza. Lolemba ndinavala chitenje changa cha pa Idi, nkhope ili poyera, n'kuyenda mpaka kumlatho. Ndinaitana anyamata a kabaza omwe aja.

"Tulutsani mafoni anu, agalu inu. Muja munajambula, jambulaninso."

Ndinagwada pakhomo pa shopu, ine mayi wa imvi, n'kunena zonse: za dokotala, za patapata, za njerwa zimene zinandisupula bondo. Ndinati mwana uyu si wolanda amuna, ndi wolanda shuga basi, ndipo wandibwezera mwendo umene ndikanataya. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Mwini shopu anamuitananso Rachael, makamaka poona kuti amayi a m'boma ayamba kubwera kudzafunsa khofi wa Abiti Wadi.

Ku Malindi kunali kovutirapo. Mayi a mnyamata uja anandisiya ndili chiimire pabwalo, osandipatsa mkeka. Anati mawu a hule akamera pa mtsikana sazuka. Ndinapitako kachiwiri, kachitatu, nditasenza nkhuku. Anavomera, koma mpaka lero akandiona amayang'ana kumbali, ndipo sindiwadandaula. Ukwati unachitika mochedwa ndi miyezi ingapo chifukwa cha pakamwa panga. Ndinavina ndine woyamba, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri sindinafune mpando pakati pa nyimbo.

Za mikanda ija mukufuna kudziwa, ndikukuonani. Ndinadikira tsiku limene mkwiyo unatsika, ndinatseka chitseko, n'kuyesa. Inakwana ndendende, ngati anachita kuyeza ndi chingwe.

"Munadziwa bwanji muyeso?" ndinawafunsa.

"Dzanja ili lakhala likuyeza pamenepo kuyambira tili achinyamata. Lingasokere lero?"

Ndinawamenya ndi pilo. Nkhalamba yopanda manyazi.

Kadokotala kaja kanandiboolanso chala, n'kunena kuti mlendo wogogoda uja wachoka pakhomo, koma akadali pamsewu, ndisamuitanenso. Ndiye inu amene mumakonda zakumwa za m'mashopu awa, musamachite manyazi kulankhula. Muuzeni wopangayo apopere kamodzi m'malo mwa katatu, kirimu asiye, akupatseni kapu yaing'ono. Lilime ndi kapolo, limazolowera mbuye aliyense. Langa linazolowera ndili mkati mofufuza mlandu.

Koma za nsanje ndisakunamizeni kuti ndinachira. Akazi anzanga, nsanje ili ngati moto wa mbaula: yanga inandiphikira moyo, koma inatentha mwana wosalakwa, ndipo chipsera chake sindingachifufute ndi nthabwala. Musanakhuthulire munthu shuga kumutu, yambani mwafunsa kuti mikandayo ndi ya yani. Nanunso abambo, musatengere nzeru za Che Abudu. Si mkazi aliyense amene amanyamula mbale ya shuga, ena amanyamula madzi otentha.

Mpaka pano timapitabe kumlatho m'mawa uliwonse. Tikafika Rachael amatsegula pakamwa kuti afunse, koma ine ndimakweza chala. Mawu akuti "za masiku onse" pa mwamuna wanga ndimanena ndine, wina ayi.

Ndipo pamsewu Che Abudu amandiuza kuti, "Amake Swadick, bwerani tiyendere limodzi, nkhani ija inatha." Ine ndimakana. Ndimayendabe pambuyo pawo, patali pang'ono. Mimba ija inapita, ndevu amadulabe, ndipo ndili kumbuyoko ndi pamene ndimaona bwino amayi onse amene amawapatsa moni.